Potchaja Nissan Leaf kunyumba, mayunitsi 4 akuthera kuti?

Chiwongolero

Akuluakulu, ndithandizeniko masamu awa. Galimoto ndi Nissan Leaf ya batire la 40 kWh, yochokera ku Japan itayendako kale. Ikayenda makilomita 140, dashibodi imalemba 7.0 km/kWh, kusonyeza kuti yadya 20 kWh. Koma kuti batire libwerere pa peresenti imene linali, mita ya ESCOM ikudya mayunitsi 24, ndipotu apa za firiji ndi mababu zachotseredwa kale, giza ndi yozimitsa. Imatchajidwa pa soketi wamba ya mano atatu, kabokosi ka pachingwe kanatcheredwa pa 10 A, ndipo pakati pali ekisitenshoni ya mamita 25 ya waya wa 1.5 mm² chifukwa poimika galimoto ndi patali ndi soketi. Zimatenga maola 10 ndi theka.

Mayunitsi 4 amenewa akuthera kuti? Kodi ndi batire layamba kutopa, kapena mita ndiyo ikuwerenga mopitirira? Ena akuti nditsitse mpaka 6 A, ati kutchaja pang'onopang'ono ndiko kosawononga magetsi. Zoona zake ndi ziti?

Pulayazi

Achimwene, mita ilibe mlandu, ndipo kutopa kwa batire sikungafike pa mayunitsi 4. Mita ndi dashibodi zikuwerenga magetsi pamalo awiri osiyana. Mita imawerenga polowera m'nyumba, dashibodi imawerenga amene atuluka m'batire kupita ku mota, eyakoni ndi zina. Onse otayika pakati pa malo awiriwa mumawalipira, koma galimoto siiwaona. Mwagula 24, mwayendera 20, ndiye kuti 83 peresenti ndi imene yagwira ntchito, 17 yasanduka kutentha. Pa soketi wamba si zachilendo zimenezo. Bungwe la eni magalimoto la ku Germany, ADAC, litayesa mu 2022 linapeza kuti pa soketi ya m'nyumba pamatayika 10 mpaka 30 peresenti, pamene pa tchaja yapakhoma ya 11 kW pamatayika 5 mpaka 10. Renault Zoe, yomwe imatchajira kudzera m'makoilo a mota ndipo inapangidwira mphamvu zazikulu, inataya pafupifupi 24 peresenti pa soketi.

Tiwasake anuwo, kuyambira kukhoma.

Waya aliyense amakanako magetsi, ndipo kukanako ndi kumene kumamutenthetsa. Kuti mudziwe ma W otayika, chulukitsani maampu ndi maampu omwewo, kenako ndi resistance ya wayayo (kukana kwake magetsi, koyezedwa mu ohm). Waya wa kopa wa 1.5 mm² ali ndi pafupifupi 0.012 ohm pa mita iliyonse. Ekisitenshoni ya mamita 25 muwerenge kuti ndi mamita 50, poti magetsi amapita pa live n'kubwerera pa neutral. Ndiye 0.6 ohm, ndipo 10 × 10 × 0.6 ndi 60 W. Waya wa m'khoma, wochokera ku bokosi la mabuleka kufika pa soketi, tiyerekeze kuti ndi wa 2.5 mm² wotalika mamita 20: ndi 0.3 ohm, 30 W. Pamodzi 90 W, kwa maola 10.4, ndi 0.9 kWh. Pafupifupi yunitsi yathunthu yatsala m'mawaya, magetsi asanafike n'komwe pa galimoto.

Kabokosi ka pachingwe anthu amakatchula tchaja, koma ntchito yake n'kungouza galimoto maampu amene ikuloledwa kukoka, kuona ngati earth ilipo, ndi kudula magetsi pakakhala vuto. Iko kamadya ma W ochepa kwambiri. Tchaja yeniyeni ili m'galimoto, pa Leaf yanuyo ili mu boneti pamwamba pa mota. Imeneyo ndiyo imasandutsa AC (magetsi a pa soketi) ya 230 V kukhala DC (magetsi a m'batire) ya 350 mpaka 400 V imene batire limalandira. Posandutsapo, matransisita, makoilo ndi thiransifoma yake zimatentha, n'chifukwa chake imaziziritsidwa ndi madzi. Tikaika 6 peresenti pa 2.2 kW imene yafika, ndi 130 W, kapena 1.4 kWh usiku wonse.

Chimene ambiri sachiwerengera ndi ichi: galimoto ikamatchajidwa siigona. Kompyuta yoyang'anira batire ili maso, ma contactor akuluakulu (masiwichi olumikiza batire) agwira, pampu ya madzi oziziritsa ikuzungulira, ndipo batire laling'ono la 12 V likudyetsedwa. Mukaika khutu pa boneti usiku mumva kamkokomo ka pampuyo. Zonsezi pamodzi zimadya pakati pa 100 ndi 300 W malinga ndi mtundu wa galimoto. Titenge 150 W: kwa maola 10.4 ndi 1.6 kWh. Magetsi amenewa sayendera maampu amene mwatchera, amayendera wotchi.

Batire lenilenilo pa soketi limataya zochepa zedi. Pa 2 kW mumalowa maampu 6 okha, ndipo ngakhale resistance yake itakhala 0.1 ohm, kutentha kwake sikupitirira 4 W. Limatayako zambiri mukamayendetsa, maka pokwera chitunda ndi ponda kwambiri, pamene maampu amafika 100 kapena 200. Kutentha kumeneko kumachitika mkati mwa maselo, dashibodi siikuona, koma potchaja mumakubweza. Ikanipo 0.3 kWh. Phatikizani 0.9, 1.4, 1.6 ndi 0.3, mupeza 4.2. Manambala ena apa ndi oyerekeza, koma akusonyeza kuti galimoto yanu ili bwinobwino.

Za 6 A zija, musatero. Zili ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka pansi: mukachepetsa mpope, ndowa imachedwa kudzadza ndipo odontha amachuluka. Pa 6 A mukukoka 1.38 kW, ndiye 150 W ija ndi 11 peresenti, pamene pa 10 A ndi 6.5 peresenti, pa 16 A ndi 4. N'zoona kuti mawaya azizirako, kuchoka pa 90 W kufika pa 32 W, koma zimene mwapulumutsa pamenepo n'zochepa poyerekeza ndi zimene mwataya pokhala maola 18 m'malo mwa 10. Tchaja ya m'galimoto nayonso imataya gawo lalikulupo ikamagwira ntchito pansi kwambiri pa mphamvu imene inapangidwira. Mita idzadya mayunitsi 25 kapena kupitirirako.

Tesita

Masamu a a Pulayazi ali bwino. Ine nkhawa yanga ili pa ekisitenshoniyo, chifukwa 60 W imene ikutayika siikupita kumwamba, ili pansi pa khonde lanu usiku wonse inu muli mtulo.

Ikakhala yotambasula, kutenthako kumafalikira pa mamita 25 ndipo waya amangofunda. Ikakhala yokulunga pa gudumu lake, kutentha konse kumaunjikana pamalo amodzi popanda mphepo, pulasitiki amafewa, mawaya amakhudzana. Choopsa kuposa pamenepo ndi polumikizira. Soketi yakale imene mano ake analekerera, kapena sikuluwu ya kuseri yosamangitsa, imatha kukhala ndi 0.05 ohm pamalo ang'onoang'ono ngati njere ya mpunga. Pa 10 A ndi 5 W, pa 13 A ndi 8 W ndi theka. Pa bilu sizioneka n'komwe, koma pa kachitsulo kakang'ono chotero ndi moto wokwanira kudetsa soketi. Ketulo imakoka maampu ofananawo kwa mphindi zitatu n'kuzima, galimoto imakoka maola 10 osapumira. Buleka siidzagwa, chifukwa maampu sanapitirire. Pakatha ola limodzi mukutchaja, gwirani pulagi ndi kumbuyo kwa dzanja. Kufunda pang'ono n'kwabwino, poti fyuzi ya mkati nayo imatenthako. Ikatentha moti dzanja silingakhalepo, kapena mukaona bulawuni mozungulira bowo la live, zimitsani musinthe soketi.

Onaninso waya weniweniyo. Maekisitenshoni otchipa ambiri mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: mukaona koyera ngati siliva, si kopa. Aluminiyamu amakana magetsi pafupifupi 1.6 kuposa kopa wa saizi yomweyo, ndiye 60 W ija imafika cha m'ma 95.

Kuyeza kwake n'kosavuta ngati muli ndi multimeter. Yezani ma V kumapeto kwa ekisitenshoni galimoto isanayambe, muyezenso ikukoka. Mwachitsanzo 232 V ikatsika kufika 221 V, kusiyana ndi 11 V, kuchulukitsa ndi 10 A ndi 110 W. Gawo lina la kutsikako limachitikira pa waya wochokera pa pholo, mita isanawerenge, ndipo limenelo simulipira. Kuti musiyanitse, yezaninso pa soketi ina ya buleka ina pafupi ndi bokosi la mabuleka, muchotsere.

Chokonza chenicheni ndi kukoka mzere wa galimoto yokha: waya wa kopa wa 4 mm² kuchokera ku bokosi la mabuleka, buleka yakeyake ya 20 A, RCD (chodula magetsi akayamba kudontha) ya 30 mA, ndi soketi yabuluu ya 16 A ya mano ozungulira pafupi ndi poimika galimoto, komanso chingwe chotchajira cha 16 A. RCD ikhale ya Type B, kapena ya Type A ngati chingwecho chili ndi chodziwira DC ya 6 mA, chifukwa DC ikadontha imatha kugonetsa RCD wamba osagwa. Ntchito imeneyi agwire wamagetsi wa chiphaso, ndipo ayeze earth ya nyumbayo. Pa 16 A mudzatha m'maola 6 ndi pang'ono, waya wa mamita 20 adzataya 47 W, kukhala maso kwa galimoto kudzatsika kufika pa 0.9 kWh, ndipo mita idzadya pafupifupi 23. Ndinene poyera kuti phindu la pa bilu si lalikulu: yunitsi imodzi ndi pang'ono pa makilomita 140, kapena mayunitsi cha m'ma 120 pa makilomita 15,000. Chimene mukugula kwenikweni ndi kugona mopanda mantha a moto.

Musathamangire kugula tchaja yapakhoma ya 7 kW musanadziwe tchaja ya m'galimoto. Ma Leaf a 40 kWh ambiri a ku Japan ali ndi ya 3 kW, ya 6 kW inali yochita kuwonjezera pogula. Ikakhala ya 3 kW, ngakhale mutaipatsa 32 A idzakoka 16 A basi. Ndipo ngati galimoto inabwera ndi chingwe chake cha ku Japan, musangochidula n'kuikapo pulagi yathu. Chinapangidwira 200 V ndi 15 A, pamene magetsi athu ndi 230 V ndipo pulagi ya mano atatu imathera pa 13 A.

Kawerenge

Musanawononge ndalama, tsimikizani kaye kuti 20 ndi 24 zanuzo n'zoona. Mita yovomerezeka ya Class 1 siiphonya kupitirira 1 peresenti, pa mayunitsi 24 ndi kotala la yunitsi. Chimene chimaphonya kawirikawiri ndi kuchotsera za m'nyumba mongoganizira, komanso nambala ya pa dashibodi imene imangozungulizidwa: 7.0 ikhoza kukhala 6.95 kapena 7.04, ndipo imadalira tsiku limene munaifufuta komaliza.

Njira yake ndi iyi. Ikani kamita kakang'ono ka kWh pa mzere wa galimoto, ka mu bokosi la mabuleka. Timamita tolowetsa pa soketi tija timatentha tikakhala pa 10 A maola ambiri, sindikulangizani. Tchajani mpaka peresenti imene mwasankha, lembani makilomita ndi zimene kamita kakuonetsa, fufutani km/kWh ya pa dashibodi. Yendani makilomita osachepera 500, mukutchaja monga mwa masiku onse, ndipo tsiku lomaliza mufikitse pa peresenti yomwe ija. Gawani makilomita ndi mayunitsi a pa kamita. Pa manambala anu pano zikubwera 5.8 km pa yunitsi, ndipo imeneyo ndiyo muziwerengera ndalama poyerekeza ndi petulo, osati 7.0. Manambala ovomerezeka a kadyedwe ka magetsi a ku Ulaya (WLTP) ndi ku America (EPA) nawonso amayezedwa kuchokera kukhoma, n'chifukwa chake nthawi zambiri amaoneka oipirapo kuposa dashibodi.

Chenjerani ndi masamu a peresenti ya batire. Wina amati kuchoka pa 30 kufika pa 80 ndi theka la 40, ndiye 20 kWh, mita yadya 19, choncho palibe chotayika. Si choncho. 40 ndi dzina chabe. Ngakhale lili latsopano, gawo limene mungagwiritse limachepera ndi 2 kapena 3 kWh, ndipo likatopa kufika pa 85 peresenti mwatsala ndi cha m'ma 32 kWh. Theka lake ndi 16, ndipo 16 pa 19 ndi 84 peresenti, pafupifupi 83 yomwe ija. Kachipangizo ka OBD2 ka Bluetooth (kolumikiza foni ndi kompyuta ya galimoto) ndi pulogalamu ya pafoni ya LeafSpy zimaonetsa thanzi la batire ndi ma kWh otsala, ndiye mungawerenge musanatchaje ndi mutatchaja.

Pali mbava ziwiri zimene ziyenera kufufuzidwa pa galimoto ya ku Japan. Yoyamba ndi taimala ya eyakoni kapena hita imene mwini wake wakale anasiya yotchera m'menyu ya Chijapani. Wotchi ya pa sikirini nthawi zambiri imatsalira pa nthawi ya ku Japan, yomwe ili patsogolo ndi maola 7. Taimala ya 7 koloko m'mawa imakwana 12 koloko usiku kwathu kuno, galimoto n'kuyamba kuziziritsa kapena kutenthetsa mipando yopanda munthu ndi magetsi a pa mita yanu. Yachiwiri ndi batire la 12 V lotopa, limene limangolandira magetsi osadzadza. Liyezeni m'mawa galimoto itagona usiku wonse osalumikiza: 12.4 mpaka 12.6 V lili bwino, pansi pa 12.2 V layamba kutha.

Kudzadzitsa mpaka 100 tsiku lililonse kumawonjezeranso. Chakumapeto galimoto imatsitsa maampu kuti maselo asapitirire malire, mphamvu imagwa pansi pa 1 kW, koma 150 W ija ikupitirirabe. Leaf ya 40 kWh ilibe poimitsira pa 80 peresenti, ndiye gwiritsani taimala yotchajira kuti iziima yokha, muzidzadzitsa pokhapokha pali ulendo kapena mwa apo ndi apo kuti maselo alingane. Mabatire a LFP (mtundu wina wa lithium, osati wa mu Leaf) ndi osiyana: Tesla imalangiza kuti a mtundu umenewo azifika pa 100 kamodzi pa sabata kuti kompyuta isasokonezeke powerenga peresenti.

Chiwongolero

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Ekisitenshoni ichoka. Nditsatireko pang'ono: pakhomo pali sola ya inveta ya 5 kVA ndi batire la lithium la 48 V 100 Ah, komanso kajenereta ka petulo. Kodi magetsi akathima, kutchajira pa zimenezi kumataya zingati? Nanga tchaja zothamanga za DC zija, poti sizidutsa pa tchaja ya m'galimoto, ndiye kuti sizitaya?

Dzuwa_Lawala

Bambo, pa sola funso lalikulu ndi lakuti mutchaja nthawi yanji.

Masana dzuwa lili pamutu, magetsi amachoka pa mapanelo, kudutsa mu inveta, n'kulowa m'galimoto. Inveta yabwino imafikitsa cha m'ma 93 peresenti, galimoto itakonzedwa mawaya monga anenera a Tesita ifikitsa 87. Chulukitsani 0.93 ndi 0.87, mupeza 0.81. Kuti muyendere 20 kWh, mapanelo apange 25.

Usiku njira imatalika. MPPT (chotchajira batire kuchokera ku mapanelo) imatengako 3 peresenti polowetsa m'batire la m'nyumba, batire la lithium limatengako 5 polowa ndi potuluka, inveta 8, galimoto 13. Zotsala ndi 0.74, ndiye mapanelo apange 27 kWh. Akanakhala mabatire a asidi kapena a gel, omwe amabweza cha m'ma 80 peresenti, zikanatsika kufika 0.62, kapena 32 kWh. Koma vuto lenileni si peresenti, ndi kukula. Batire lanu la 48 V 100 Ah limasunga pafupifupi 5 kWh. Galimoto pa 10 A ilipsereza m'maola awiri, ikupatseni makilomita osakwana 30, ndipo nyumba itsale mumdima ndi firiji yozima. Pamwamba pa apo mwadya moyo wa batire la m'nyumba kuti mudzadze batire lina. Musamatero kupatula pangozi.

Kuti mugwire 10 A masana popanda kukoka m'batire la m'nyumba, pafunika mapanelo a 3.5 kW kapena kupitirira, chifukwa mapanelo akatentha ndi kuchita fumbi sapereka zolembedwa pa chikwangwani chawo, ndipo nyumba nayo ikudya. Nthawi yake ndi kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko. Apa mpamene 6 A ija ili ndi ntchito. Ngati mapanelo ndi ochepa, batire la m'nyumba ladzadza ndipo dzuwa likungopita pachabe, tchajani pa 6 A. Kutaya 20 peresenti ya magetsi amene akanatayika onse si kuluza. Kutsika pansi pa 6 A sikutheka, ndiwo malire a pansi amene chingwe chingauze galimoto.

Zinthu ziwiri zimalepheretsa. Inveta ikhale ya pure sine wave, zotchipa za modified sine zimatenthetsa tchaja ya m'galimoto kapena galimoto imangokana. Chachiwiri, magetsi a m'mawaya akathima, mainveta ndi majenereta ambiri amasiya neutral yosalumikizana ndi earth. Kabokosi ka pachingwe kakaona choncho kamayatsa nyali yofiira n'kukana kutchaja. Mankhwala ake ndi relay yolumikiza neutral ndi earth pokhapokha inveta ikuyenda payokha, yoikidwa ndi wamagetsi. Musalumikize ndi kawaya kokhazikika pa soketi, RCD izidzagwa kapena kusiya kukutetezani.

Jenereta ndiye ayi ndithu. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi 9 kWh, koma kajenereta kakang'ono kamasandutsa 15 mpaka 20 peresenti yokha kukhala magetsi. Titenge 1.6 kWh pa lita. Kuchotsa zotayika potchaja kutsala 1.3 kWh, kuchulukitsa ndi 7 km ndi makilomita 9 pa lita. Toyota Vitz kapena Daihatsu Mira imapitirira pamenepo kutalitali ndi lita yomweyo. Jenereta ndi yongokufikitsani pamene pali magetsi.

Wa_CHAdeMO

Tchaja za DC zimataya ndithu, koma malo otayira ndi amene asintha. Kusandutsa AC kukhala DC kumachitikira m'chibokosi chachikulu chija, ndipo mafani amene amalira mmenemo akuchotsa 5 mpaka 8 peresenti ya magetsi amene chakoka. Matchaja ambiri amawerenga ma kWh potuluka, ndiye zotayika m'chibokosi simuziona pa sikirini, zili kale mu mtengo wa yunitsi. Kukhala maso kwa galimoto pano kulibe kanthu, theka la ola ndi 0.1 kWh.

Chimene chimakula ndi kutentha kwa mkati mwa batire, kumene a Pulayazi anati pa soketi n'kosakwana 4 W. Pa CHAdeMO (mtundu wa tchaja ya DC wa Leaf) ya 50 kW Leaf imalandira mpaka 125 A. Ndi 0.1 ohm yomwe ija, 125 × 125 × 0.1 ndi 1,560 W, kapena 3.5 peresenti ya 45 kW imene ikulowa. Maampu achuluka ka 20, kutentha kwachuluka ka 400. Mukaphatikiza zonse kuchokera kumawaya, DC imataya cha m'ma 10 peresenti, pafupifupi mofanana ndi tchaja yabwino yapakhoma.

Pa Leaf chodetsa nkhawa ndi kumene kutenthako kumapita. Batire lake lilibe madzi kapena fani yoliziziritsa, ndi bokosi lotseka lolemera pafupifupi makilogalamu 300. Theka la ola pa 1.5 kW ndi 0.75 kWh ya kutentha, yokwanira kulikweza ndi madigiri 8 kapena 9, ndipo limatenga maola ambiri kuti lizizire. Mukathamanga pa msewu waukulu limawonjezera, mukatchajanso limawonjezeranso, mpaka kompyuta imatsitsa mphamvu kufika theka kuti iliteteze. Zimenezi zinatchuka ku Britain mu 2018, Leaf ya 40 kWh itangotuluka, ndipo kumeneko n'kozizira. Ganizirani ku Chikwawa kapena Nsanje mu Okutobala, kumene mpweya wokha umapitirira madigiri 40. Kutentha ndiko kumakalambitsa batire la Leaf kuposa china chilichonse, choncho DC ikhale ya paulendo, ndipo muziyang'ana mizere ya kutentha pa dashibodi.

Magalimoto amene batire lake limaziziritsidwa ndi madzi alibe vuto limeneli, koma amalipira mwanjira ina: kompuresa ya eyakoni imayaka kuti iziziritse madziwo, n'kumadya 1 mpaka 3 kW nthawi yonse yotchaja. Hyundai Ioniq 5, Kia EV6 ndi Porsche Taycan zimayendera 800 V, ndiye pa mphamvu yofanana maampu a m'chingwe ndi theka, kutentha kwa chingwecho ndi kotala.

Kwa abale amene ali ku Britain, kapena ku Johannesburg mu Juni ndi Julayi pamene m'mawa kumafika pafupi ndi madigiri 0, vuto ndi lotembenuka. Batire lozizira limakana magetsi kwambiri, ndipo likatchajidwa mwamphamvu lili pansi pa 0, lithium imamatirira pa anode (mbali ya negative ya selo) m'malo molowa, kuwonongeka kosabwezeka. Magalimoto ambiri amayamba alitenthetsa ndi hita ya ma kW angapo. Pa soketi ya 2.3 kW hita imeneyo imatha kudya gawo lalikulu la magetsi ola loyamba, peresenti osasuntha. Kumeneko lumikizani mukangofika batire likadali lofunda.

Mawu akuti kutchaja pang'onopang'ono kumasunga batire ndi oona poyerekeza DC ndi kunyumba. Pakati pa 6 A, 10 A ndi 16 A batire silimva kusiyana, zonsezi n'zosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwake pa ola.

Pulayazi

Kuwonjezera pa taimala yotchajira imene anatchula a Kawerenge: itchereni kuti iziyamba cha m'ma 10 koloko usiku. Madzulo anthu akamaphika, ma V amatsika m'madera ambiri, makamaka nyumba za kumapeto kwa mzere kutali ndi thiransifoma. Chingwe chimagwira maampu, osati ma kW. Pa 205 V, 10 A ikupatsani 2.05 kW m'malo mwa 2.3, nthawi italika ndi ola limodzi ndi mphindi 20, ndipo 150 W ya galimoto ndi 90 W ya mawaya zipitirira nthawi yonseyo, pafupifupi 0.3 kWh yowonjezera. Pofika 10 koloko batire limakhalanso litazizirako kuchokera paulendo wa masana. Pa 16 A maola 6 akukwanirani kusanache, koma potchera kumbukirani wotchi ya ku Japan ija: 10 koloko usiku kuno ndi 5 koloko m'mawa pa sikirini.